Sokosi ya Phulusa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ku Nyatsime, m'mphepete mwa tauni ya Chitungwiza, kusanadzaze nyumba ngati lero. Kutsidya kwa mtsinje kunali famu, ndipo malume athu, a Jailosi, ankalondera kumeneko. Mwini famu anawapatsa mfuti yakale yoti azitetezera mbewu ku nyama. Thabwa lake linali long'aluka, lomangidwa ndi mphira wa chubu, koma kwa ine m'Chitungwiza monse munalibe chinthu chokongola kuposa mfutiyo.

Malumewo analibe mwana wamwamuna, choncho pa holide ankatenga ife ana a mlongo wawo, ine ndi mng'ono wanga Tendai. Anatiphunzitsa kuipukuta ndi mafuta, kuinyamula kamwa itayang'ana pansi, ndi kugwira mpweya usanawombe. Loweruka lina anatiuza kuti mbawala yamphongo yatha nyemba m'dimba, ndipo mmodzi wa ife aiwombe. Ine ndinayamba kale kutambasula manja. Mfutiyo anapatsa Tendai. Ine anandiponyera sokosi yakale yodzaza phulusa.

"Iwe uzitsogolera," anatero. "Uzigwedeza sokosiyo pang'onopang'ono. Phulusa likamabwerera kwa ife, tili bwino. Likalowera kwa nyama, ukweze dzanja, tibwerere tikazungulire. Mbawala imaona ndi mphuno."

Mtima unandiwawa koopsa. Ine wamkulu, amene ndinkamubereka Tendai kumbuyo akulira mamina ali chuchuchu, ndinyamule sokosi yonunkha mapazi a malume? Tendaiyo anali kumwetulira, lamba wa mfuti ali paphewa, akuyenda ngati msilikali wa pa perete. Nsanje imene ndinamva tsikulo sindinaimvenso, ngakhale pamene anzanga anayamba kugula magalimoto ine ndikukwerabe kombi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Tinadutsa m'udzu wouma wofika m'chiuno, minga ikutikola makabudula, kenaka tinayamba kukwawa. Mbawala ija inali kumapeto kwa dimba, yofiirira, nyanga zopotana, ikudya mosatekeseka. Malume anatsalira kumbuyo pa chulu, nkutisiya awiri tisendere.

"Mukoma, mphepo ili bwanji?" Tendai ananong'ona.

Ndinagwedeza sokosi. Phulusa linagwa, kenaka linapotoka, nkuyamba kuyandama molunjika kwa mbawala. Mphepo inali itatembenuka. Ndinaona bwinobwino, ndipo dzanja langa linkadziwa chochita. Koma ndinayang'ana tsaya la mng'ono wanga litatsamira pa thabwa lija, ndinaganiza za mayi akululutira, anyamata a mumsewu mwathu akumuzungulira, dzina lake lili pakamwa pa aliyense. Ndinafumbata sokosiyo.

"Ili bwino. Tiye."

Sitinakwawe mapazi khumi. Mbawala inadzutsa mutu, inauwa kamodzi ngati galu, nkulumphira m'tchire. Tendai anawomba mochedwa, chipolopolo chinangothyola nthambi. Malume anafika akupuma mwawefuwefu, nkumulanda mfuti.

"Unali kudikira chiyani? Kuti ikupatse moni? Manja ozizira sagwira mfuti!"

Njira yonse yobwerera Tendai analira mwakachetechete, ndipo ine, ndivomere, ndinali kukondwa. Ndinaganiza kuti holide yotsatira mfuti idzakhala yanga. Holide imeneyo sinafike. Famu inapita kwa mwini wina, mfuti inabwezedwa, malume anabwera kudzakhala nafe kwathu, m'dera la St Mary's. Palibe wa ife anawombanso nyama. Dzina lokha la Manja Ozizira ndi limene linatsala, ndipo linamumatirira Tendai mpaka kusukulu. Mpira ukamudutsa pagolo, anzake ankaliimba. Iye mwini anafika polikhulupirira.

Patapita zaka zambiri, malume ali nkhalamba yosaona bwino, ndinakhala nawo pakhonde tsiku lina nditawagulira nthochi pamsika wa ku Huruyadzo. Nkhani ya mbawala inatulukira yokha. Ndinawafunsa mwanthabwala, koma nkhaniyo ikundiwawabe, chifukwa chimene anapatsira mfuti mwana, kusiya ine wamkulu.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, mfuti angawombe aliyense, ngakhale chitsiru. Bambo anga kumudzi ku Malawi sankapatsa phulusa munthu wamba. Amene wanyamula phulusa ndiye mlenje, enawo amangomutsatira. Ndinakupatsa iwe chifukwa ndinadziwa kuti sungandinamize."

Malume sanadziwe kanthu za bodza langa lija, ndipo anamwalira osadziwa, chifukwa sindinalimbe mtima kuwauza.

Tendai ndinamuuza zoona za mphepo ija chaka chatha, tili m'galaja mwake ku Manyame Park, iye ali pansi pa galimoto ya kasitomala. Sipanala inasiya kulira. Ine ndinkangoona nsapato zake.

"Mukoma," anatero ali pansi pomwepo, "zaka zonsezi ndimaganiza kuti vuto ndi manja angawa."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Lero ndikudziwa kuti ulemu umene ndinkaulirira ndinali nditapatsidwa kale, koma maso anga anali pa za mnzanga. Chimene ndinaphonyetsa tsiku lija si mbawala ayi. Ndinalola mwana wa mayi anga akule akudzikayikira, kuti ine ndisangalale madzulo amodzi.