Aneba Athu ndi Chitsime cha Makedzana

Aneba athu anakalamba akukumba zitsime, ndipo sapirira akaona munthu akugwira ntchito monyinyirika. Mawu awo ndi amodzi: "Tandipatsani khasulo."

Chaka chino akatswiri ofukula zakale apeza chitsime cha anthu amakedzana, chokhala ndi miphika yakale mkati, m'munda mwathu. Akhala akuchifukula ndi tiburashi, kadothi pang'onopang'ono, aneba ali chiimire pambali, akupukusa mutu.

Lachitatu lapitali akatswiriwo atapita kukadya, madalawa analowamo ndi khasu. Pobwerera anawapeza ali m'matope mpaka m'mawondo, akumwetulira.

"Bambo, miphika yakale ija ili kuti?" anafunsa mayi wotsogolera gululo.

"Mapale aja? Ndataya kudzala, mwanangu. Inu milungu itatu, ine ola limodzi. Tabweretsani ndowa, madzi ndi awa!"