Tulo ta Bambo Ake

Amuna anga anali owonda ngati bango. Ndiye adokotala a kuchipatala cha ku boma atandiuza kuti chinawatseka mtima ndi mafuta ochuluka m'magazi, ndinangowayang'ana. Mafuta ake ati, munthu wokhalira usipa ndi chisoso?

Pamaliro, alongo awo a malemu ankanong'oneza anthu kuti ndawapha ndine ndi mafuta a kanyenya amene ndimakazinga pamsika wa Chipoka. Ndinamva zonse.

Nditabwerera kuchipatala kukatenga kalata ya imfa, adokotala aja anandikhazika pansi.

"Mayi, malemu ankadzuka nthawi yanji? Nanga bambo awo?"

Wawauza ndani? Banja la kwawo kwa malemu limadziwika mudzi wonse: tulo sitibwera msanga, ndipo anzawo akamakocheza mabwato m'mawa, iwo amakhala akuyasamula kumene. Apongozi anga aamuna anagwa n'kumwalira akusoka ukonde, osadwala. Achimwene awo a malemu chimodzimodzi. Ndinawauza zonsezi.

"Ofufuza akuti thupi lili ndi wotchi yake yotengera kwa makolo," anatero adokotala, "ndipo mwa anthu ena imayenderana ndi mafuta a m'magazi. Sindikunena kuti ndi onse. Koma anthu atatu nyumba imodzi achuluka. Ngati muli ndi ana, mubwere nawo tidzawayeze magazi."

"Ali kutali," ndinanama.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, woyala mabedi palojii ina ku Senga Bay, ndipo sabata imeneyo anali pakhomo. Magazi ake akawatani? Munthu ndabwerera kalata, iwo akufunsa za tulo, kenako magazi. Ndinaganizanso kuti mwina atumidwa ndi alamu anga aja kuti apeze umboni wa kanyenya wanga.

Koma m'mawa uliwonse ndinkagogoda katatu mwana wangayo asanadzuke. Akatuluka, maso otupa, kuyasamula kwake kwa bambo ake kwenikweni. Chiyambire ali wamng'ono ndinkamutchula mlesi, mpaka kumuthira madzi pamphasa.

"Amayi, mukundiyang'ana ngati mbuzi ya pa Khirisimasi bwanji?"

"Samba tizipita. Usadye kanthu."

Pomutenga magazi ndinaima pambali pake. Ndinafunsa chifukwa chake akudzaza kabotolo konse pomwe a malungo amangobaya chala. Anesi anaseka nati, "Mayi, sitikamwa ayi." Kabotoloko ndinakaperekeza ndi maso mpaka chitseko chitatsekedwa.

Zotsatira zinati mafuta ngokwera, mtsikana wowonda ngati bambo ake. Anamupatsa mapiritsi.

"Kawaonetseni azakhali pepalali, asiye kukunenani," anatero mwanayo tili m'minibasi.

Sindinapite nalo. Bola likanati ndine wolakwa, iye n'kukhala bwino.

Za wotchizo mpaka lero sindikudziwa ngati n'zoona. Koma Lamlungu akagona kuno sindimuthiranso madzi. Dzuwa likakwera ndimaima pakhomo pake, ndimvetsere kaye ngati akupuma. Ndikamva, ndimagogoda n'kumufunsa ngati wamwa piritsi lake. Akati eya, ndimamuuza andionetse paketi.