Malovu a Bambo Anga Atapita ku Mangalande

Dzina la banja lathu silipezekapezeka. Kusukulu aphunzitsi ankaliwerenga kawiri, ena n'kufunsa ngati ndife akuno. Bambo anga ankalinyadira kwambiri, moti analilemba ndi penti yofiira pachikwangwani cha shedi yawo ya ukalipentala ku Kawale, m'mbali mwa msewu wodutsa minibasi. Nthawi imeneyo ine ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina ya fodya ku Kanengo, koma ndinkakhalabe pa makolo.

Chaka chomwe zinthu zinathina ku Zimbabwe, Loweruka lina ndikupereka tiyi kushediko, panaima minibasi. Munatsika bambo wamtali, waimvi, wovala jekete ngakhale kunali dzuwa la mwezi wa Okutobala. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana chikwangwani, kenaka anavula chipewa.

"Pepani, mwini dzina ili ndani?" anafunsa. Chichewa chake chinali chachikale, chosakanikirana ndi Chishona.

"Ndine. Mukufuna mipando?"

"Ayi. Dzinali ndi langanso."

Bambo anaika pansi pulena. Mlendoyo anafotokoza kuti anabadwira ku Halale. Bambo ake anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, n'kutchona mpaka kufera komweko. Chomwe anauza ana awo n'chakuti kwawo ndi kufupi ndi Lizulu, basi. Iye anafikira kwa anzake atchalitchi ku Area 24, ndipo anali atafunsafunsa m'tauni monse osapeza ndi mmodzi yemwe wodziwa dzinalo.

"Lizulu?" Bambo anatero. "Kwathutu kumeneko. Iwe, thamanga ukawauze amayi ako agwire tambala uja."

Kuyambira tsiku limenelo mlendoyo anasanduka "achimwene". Ife ana tinkati bambo aakulu. Anthu apamzere wathu ankabwera kudzaonerera, ndipo aliyense ankapeza pofanana. Wina anati makutu, wina mayendedwe. Amayi anati onse awiri amakanda kumutu akafuna kukana chinthu. Ine sindinkaona kufanana kwenikweni, koma ndinkavomera nawo chifukwa nkhaniyo inkandikoma.

Vuto linali lakuti bambo sankadziwa ngati agogo anali ndi mbale wotchona. Tinapita kumishoni komwe agogo anabatizidwira kukaona mabuku akale. Tinapeza masamba a zaka zimenezo atadyedwa ndi chiswe, otsalawo inki itafufuta. Tinabwerako ndi chimfine chokha.

Apo m'pamene mwana wa mlendoyo, namwino wogwira ntchito ku Mangalande, anaimba foni. Anati kuli njira yoyezera ubale yotchedwa DNA. Anati mwa munthu wamwamuna muli chizindikiro chomwe amatengera kwa bambo ake, iwonso kwa bambo awo, monga momwe dzina limayendera. Amuna awiri akakhala ochokera kwa kholo limodzi, chizindikirocho chimafanana.

Patapita milungu ingapo ndinakatenga envelopu kupositi ofesi ku Old Town. Munali timiswachi ting'onoting'ono ndi timabotolo. Ndinawerenga malangizo mokweza pakhonde, anthu atadzaza mpaka pampanda. Ankafunika kupukuta m'kati mwa tsaya, n'kutsekera kamswachiko m'botolo.

Amayi anakana. "Malovu a munthu satumiza kwa anthu osawadziwa. Mukudziwa chimene akachite nawo?"

"Akanakhala magazi ndikanakana," anatero bambo. "Malovu ndimalavula tsiku lililonse pamsewu, palibe wawatola."

"Pamsewu simulembapo dzina."

Anakangana mpaka mlendoyo anayamba ndiye. Anatsegula kukamwa ngati mwana wa kusikelo, ine n'kumupukuta. Anthu anaseka, bambo n'kukhala pampando nawonso. Ndinadandaula kuti bwanji ine sakundiyeza. Anandiuza kuti muyeso umenewu ndi wa amuna okhaokha, ndipo amayi anati n'chimodzimodzi zinthu zambiri.

Kudikira kunali kokoma. Kuntchito anzanga ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati malovu afika. Ndikaweruka ndinkatsikira m'tauni, n'kulowa mukafe ya intaneti kukaona ngati namwinoyo walemba. Makompyuta ake anali ochedwa, moti tsamba limodzi linkatseguka munthu utayamba kuwodzera. Ndikafika kunyumba ndinkapeza amuna awiriwo atakhala pabenchi, maso ali kugeti.

Tsiku lomwe yankho linabwera ndinaliwerenga, ndinaliwerenganso, kenaka ndinalipira kuti alisindikize papepala. M'minibasi ndinkangolipinda ndi kulitambasula. Linati amuna awiriwo si a kholo limodzi, ngakhale kutali.

Nditafika ndinawawerengera onse awiri pakhonde. Mlendoyo anayang'ana nsapato zake. Bambo anatenga pepalalo, ngakhale Chingerezi chinkawavuta, n'kumaliyang'ana mbali zonse.

"Makina amalakwitsa," anatero.

"Kapena wina mwa amayi athu..." Mlendoyo sanamalize.

Kwa masiku angapo mlendoyo sanabwere kushedi, ndipo bambo ankakhoma misomali mopsa mtima.

Sabata yomweyo kunabwera azakhali anga, mlongo wamkulu wa bambo, omwe ankachita geni ya mbatata ya kachewere. Ankabwera ndi lole kuchokera ku Lizulu, n'kugona kwathu akagulitsa. Anali munthu wa phuma, wolankhula akumanga ndi kumasula chitenje. Amayi anawafotokozera zonse ali pampopi kusamba m'manja. Azakhali anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye mpaka kutumiza malovu kwa azungu? Osangondifunsa ine bwanji? Dzinalitu si lathu. Ababa anachita kubwereka."

Bambo anatuluka m'nyumba. "Achemwali, mukuti chiyani?"

"Kamuitaneni mlendo wanuyo. Sindinena kawiri, mawa ndikulawira."

Ndinathamanga ndekha mpaka pasiteji, n'kukwera ya ku Area 24. Tinabwerera limodzi, iye akundifunsa njira yonse kuti kwagwanji, ine ndikungoti tiyeni mukamve nokha.

Azakhali anafotokoza akudya chimanga chootcha. Agogo anabadwira tsidya la msewu, mbali ya Mozambique, ndipo ali mnyamata anathawa ntchito ya thangata ya Apwitikizi. Anafikira pakhomo pa mnzawo yemwe ankaweta naye ng'ombe. Atafuna kulembedwa ntchito ya kumigodi ku Joni, olemba anthu anafuna chitupa cha msonkho cha mbali ino, chomwe iwo analibe. Mnzawoyo anali akunyamuka kupita ku Halale kudzera njira zam'tchire. Anawasiyira chitupa chake, nati akabwera adzatenga. Ku Joni agogo ankaitanidwa ndi dzina la pachitupacho. Anabwera nalo, anakwatira nalo, anabatizidwa nalo. Mwini wake sanabwerenso.

"Amayi anandiuza ndili mtsikana," anatero azakhali. "Inu munali wamng'ono, ndiponso ababa sankafuna kuti zimveke. Ankaopa kubwezedwa."

Mlendoyo anali ataimirira. "Mnzawoyo anali ndi chala chopindika kudzanja lamanja?"

"Zimenezo sindidziwa. Koma mlongo wake ndinamuona ndi maso angawa, ndipo ana ake alipo. Mmodzi amandigulitsa kabichi. Iwo amatchulidwa ndi dzina la bambo awo, n'chifukwa chake simunawapeze."

Sindinaonepo munthu wamkulu akusangalala chotero. Mlendoyo anagwira bambo m'mapewa, anawasiya, anagwira azakhali chanza ndi manja awiri, kenaka anapempha foni yanga kuti aimbire mwana wake. Mayunitsi anatha asanamalize, n'kutuma wogula ena. Bambo anali atakhala pansi, pakamwa pali yasa.

"Ndiye ife ndife yani?" anafunsa.

Azakhali anatchula dzina lenileni la agogo ndi mfunda wawo. Bambo analibwereza pang'onopang'ono. Ine ndinaliyesa pamodzi ndi dzina langa loyamba, n'kuona kuti likukhala bwino.

"Achimwene," bambo anatero potsiriza, "ndiye kuti takhala tikukusungirani dzina zaka zonsezi."

"Mwalisunga bwino," anayankha mlendoyo. "Musabweze."

Loweruka lotsatira tinakwera basi ya ku Ntcheu, ine, bambo ndi mlendoyo. Pa Lizulu azakhali anatichingamira n'kutitsogolera pakati pa milu ya tomato ndi kabichi mpaka kwa mayi wina wonenepa, wovala juzi yobiriwira. Mlendoyo anangotchula dzina loyamba la bambo ake. Mayiyo anasiya kasitomala ali chiimire, n'kukhala pansi pathumba.

"Amayi anamwalira akuwatchula," anatero. Kenaka anayamba kuitana abale ake mumsikamo mmodzimmodzi, ndipo posakhalitsa mlendo wathu sankaonekanso pakati pa anthu.

Tinamusiya komweko. Ine ndi bambo tinawoloka msewu, phazi limodzi ku Malawi, lina ku Mozambique. Tinafunsa anyamata okhala pansi pa mtengo ngati akudziwa dzina lomwe azakhali anatiuza. Anatiyang'ana modabwa.

"Ati ake? Mudzi wonse uwo kuseri kwa phiri ndi omwewo."

Bambo anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka. Tinachita hayala njinga ziwiri za kabaza. Yawo inali patsogolo, ndipo njira yonse ndinkawamva akufunsa wopalasayo mayina a akuluakulu akumudziko, kwinaku akumuuza kuti apalase msanga.