Mmene Ndinawonongera Manja Anga

Kabuku kanga ka chaka chimenecho ndikadali nako. Ndinkalemba kumapeto kwa kope la masamu, tizilembo ting'onoting'ono, kuti Ada, bambo anga, akaona aziyesa ndi za kusukulu. Pa tsamba lina pali mawu atatu okha: "Aona manja anga."

Amene anawaona ndi azakhali, mlongo wawo wa Ada, omwe ankaomba nsalu ku mishoni, kumpoto kwa Kande. Nkhondo ya Azungu itangotha, dona wina anabwera ndi zoombera zinayi ndi ulusi wa silika m'bokosi lachitsulo, nasankha amayi oti aziomba timipango tokagulitsa ku Ulaya. Mudzi wonse unkati azakhali achita mwayi. Ankakhala pamthunzi tsiku lonse, mazenera ali chitsekere kuti mwera usalowetse mchenga. Nkhungu, tizilombo touluka tija, zikatuluka m'nyanja, ife tinkathamanga ndi malichero kukakola ndiwo, iwo ali m'kati, akupukuta thukuta lomwe silinkaloledwa kudonthera pansalu. Ankaweruka atagwira msana, akutsinzina, atavala nsalu yawo yomwe ija ya zigamba. Silika sanamuvalepo.

Silika ndi ulusi wamwano. Kamng'alu kakang'ono pachala, wakola, wanyotsoka. Choncho woomba sankaloledwa kusenda chinangwa, kuchiviika, ngakhale kusinja, ndipo Loweruka lililonse dona ankayendera manja. Kwathu kumene mkazi amadziwika ndi kondowole wake, nsima ya chinangwa, azakhali ankadzola mafuta a nsatsi n'kukhala pakhonde, manja ali pamiyendo ngati mlendo.

"Dona wathu, tiphikireniko silikayo tidye," ankatero Ama, mayi anga, podutsa ndi dengu.

"Mlamu, n'ngoterera, angakutsamweni," ankayankha azakhali.

Maso a woomba wina atafooka, malo anapezeka. Azakhali anatenga dzanja langa, nalitembenuza. Zaka zisanu zogwira pensulo zinali zitalisiya lofewa ngati la khanda.

"Achimwene, mwanayu sukulu yamukonzera kale manja. Abwere adzaombe."

Ada anakondwa, nati mwezi ukatha ndisiye sukulu. Ndinati, "Yewo, Ada." Ndinali mwana woti nkhuku ikandiponda, wopepesa ndinkakhala ine. Kukana ndinakanira m'kabuku, masamba awiri athunthu.

M'mawa mwake ndinapempha Ama mpeni. Ndinasenda chinangwa cha kwathu ndi cha oyandikana nawo. Ndinachivuula m'madzi owawasa aja, n'kuchifinya mpaka zala zinatuwa. Ndinasinja, ndinakwecha miphika ndi mchenga, ndipo amuna akamakoka khoka ndinkaima kumapeto kwa chingwe, nanenso n'kumakoka. Ama ankauza aliyense kuti sukulu yayamba kuphunzitsa zanzeru. M'kabuku ndinalemba kuti: "Chithuza chachitatu chaphulika. Chikupweteka bwino."

Loweruka lomaliza la mwezi azakhali ananditengera kwa dona. Mkati munkanunkha sopo ndi thukuta. Amayi awiri amene ankaomba sanadzutse mitu. Dona anatenga kansalu ka silika, nakakoka pang'onopang'ono pachikhatho changa. Kanakola pomwepo, ulusi uwiri n'kuzuka. Ndinamva chisoni, chifukwa kanali kokongola ndithu, ndipo sindinakhudzepo chinthu chofewa chotero.

"Manja a msodzi," anatero dona m'Chinyanja chake chochepa, natitsegulira chitseko.

Pobwerera, titafika pamtsinje, azakhali anaima. Kenako anati, "Ming'alu yotereyi mafuta a nsatsi amaipoletsa sabata imodzi. Ndili nalo botolo lodzaza."

Ndinabisa manja kumbuyo.

"Koma ndi maso angawa, sindikudziwa pomwe ndinaliika. Usavutike kulifuna, wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Ada anakalipa mpaka mawu anasasa. Ndikhulupirira m'mudzi monsemo ndine mwana woyamba kukalipiridwa chifukwa cholimbikira ntchito. Ama anayesa kunditeteza, koma nawonso anali asakudziwa kuti anyadire kapena adandaule. Pomaliza Ada anati popeza ndilibenso ntchito ina yomwe ndingaithe, ndibwerere kusukulu konko.

Lolemba pensulo inkandipulumuka m'zala zotupa, ndipo aphunzitsi anandimenya rula pachikhatho chifukwa cholemba moipa. Sindinamve kuwawa kwenikweni, khungu linali litakhuthala. Podutsa ku mishoni pobwerera, ndinamva zoombera zikugogoda kuseri kwa mazenera otseka. Malo aja anali atapatsidwa mtsikana wina, amene mayi ake anamusamalira bwino manja.