Mbuzi za thandizo ndi galimoto ya madamu

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye za mabungwe musandifunse zambiri. Ndingonena zomwe ndinaona ndi maso angawa ndili ku Pretoria.

Ndinafika ku Joni kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinapeza ntchito ya m'gadeni ku Faerie Glen, kwa mayi wina wachizungu wochokera kutsidya kwa nyanja. Madamuwo ankagwira ku ofesi yotumiza thandizo kumidzi ya mayiko athu ano: mijigo, mbewu, mbuzi, mapampu opondaponda othirira kudimba. Ankati ndalama zogulira zinthuzi ndi misonkho ya anthu akwawo. Zinkandizunguza mutu. Munthu sunamuonepo, ngakhale mfunda wake suudziwa, koma ukutapa pa thukuta lako kuti iye akhale ndi mbuzi? Mpaka lero ndikaganiza ndimangoti, kaya, komatu anthu otere aliko.

Ndinkagona ku Mamelodi, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni. Khomo loyandikana ndi langa linali la mnzanga wa ku Machinga, Msilamu, wonyamula katundu m'sitolo ya amwenye ku Laudium. Tinkangoitanana kuti achimwene. Kumudzi anasiya mlongo wake wamasiye ndi ana, ndipo mukudziwa kwathu, ana a mlongo wako ndi mbumba yako. Akagona ndi njala, anthu amafunsa kuti malume ali kuti.

Masiku amenewo ife a ku Joni tinali ndi kachitidwe kathu. Ukakhalako pang'ono, unkayenera kutumiza chithunzi kumudzi, aone kuti uli moyo ndipo sunapite kukasewera. Palibe ankajambulitsa atavala ovolosi ayi. Unkabwereka jekete, kupukuta nsapato, n'kupeza galimoto yooneka bwino, dzanja pachitseko. Tonse tinkatero. Loweruka lina ndikutsuka galimoto ya madamu panja pa geti, mnzangayo anatulukira ndi wojambula, mnyamata wamkulu wa ku Mangochi wa kamera m'khosi. Jekete linali langa, wotchi ya wojambula yemweyo. Chithunzi chinapita ndi transipota, aja onyamula katundu wathu kupita naye kumudzi, ndipo mlongo wake anachikhoma pakhoma poti aliyense wolowa achione.

Kenako kunabwera njala ija ya 2002. Chaka chotsatira, m'mudzi mwawo munafika bungwe ndi mbuzi zopatsirana. Kachitidwe kake n'kotere: banja losauka limalandira mbuzi yaikazi, ikaswa, mwana wamkazi woyamba umakapereka kwa mnzako, nayenso adzapereke kwa wina. Osankha mabanja sanali a bungwe. Anali eni mudzi okhaokha, makamaka amayi a komiti.

Mnzangayo anazimva pa foni yolipira ija ya m'kontena, mlongo wake ataimbira pa byuro ya patrediing'i. Anabwerako nkhope itagwa.

"Achimwene, amusiya."

"Amusiya bwanji? Wamasiye uja?"

"Akuti iye si wovutika. Akuti ali ndi mchimwene wa galimoto ku Joni."

Ndinafuna kuseka, koma kuseka sikunatuluke. Munthuyu ankayenda wapansi kuchokera pasiteshoni posunga ndalama ya takisi. Zomwe ankatumiza zinkangokwana sopo ndi kathumba ka chimanga.

"Kalankhuleni ndi madamu anu aja," anatero. "Si ndiwo a mbuzi? Angotchula dzina lake, basi."

Kwathu zimayenda choncho, ukadziwana ndi wamkulu wapulumuka. Ndiye Lolemba ndinatenga chithunzi chinzake chomwe anasunga, ndinadikira madamu atuluke ndi khofi wawo pakhonde, n'kufotokoza ndi Chingerezi changa chothyokathyoka. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi galimoto iyi si yanga?"

Ndinavomera. Anaseka mpaka khofi kutayikira pa siketi. Kenako anasiya kuseka, n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anati bungwe la ku Machingako mwina si la ofesi yawo n'komwe, koma ngakhale likanakhala lawo, sakanatchula dzina la munthu. "Ndikayamba kusankha ndili kuno, mbuzi zonse zipita kwa abale a anthu ondigwirira ntchito. Nanga amene alibe wina ku Pretoria?" Anatinso amayi a komitiwo sanalakwe, anaweruza malinga ndi zomwe anaonetsedwa.

Kunena zoona tsiku limenelo ndinadula maluwa ndi mkwiyo. Ndinkati mzungu uyu mtima wake ndi mwala. Koma m'sitima pobwerera ndinaganiza za amayi anga omwe. Iwo akanakhala m'mudzi wina, wopanda mwana wotsuka galimoto ya madamu, ndani akanawatchula? Apa m'pamene ndinayamba kuona kuti kukana kuja kunali ndi nzeru.

Mnzangayo nditamuuza anangoti, "Eish, azungu anuwo." Lamlungu m'mawa ndinangomva mawu a wojambula uja pabwalo. Kutuluka, ndinapeza mnzanga waima pakhomo pake atavala dasikoti ya kuntchito, yong'ambika paphewa, chitseko chili pululu. Mkatimo matiresi pansi, pulayimasi yophikira, ndi ndowa yomwe ankatchera madzi a denga lodontha.

"Abwana, tsekani chitsekocho," anatero wojambula. "Zonse zikuonekatu."

"Ndikufuna zioneke."

"Ndiye bola wotchi iyi, mukhaleko ngati munthu."

"Wotchi yakoyo ndi yomwe yandidyera mbuzi. Jambula."

Ndinamukokera pambali. "Achimwene, mukudzivula pagulutu. Mudzi wonse udzakusekani."

"Aseke. Ana aja adya galimoto?"

Mnzangayo anamulangiza yekha transipota, ine ndili pomwepo: chithunzichi asakapereke kwa mlongo wake mobisa, akachipereke kwa amayi a komiti, anthu akuona. Awauze kuti galimoto ija ndi ya madamu anga, jekete lobwereka, ndipo uku ndiko kugona kwake. Mwina simungamvetse kulemera kwake. Ife tinkalolera kugona ndi njala kusiyana n'kuti kumudzi adziwe kuti ku Joni timagona pansi. Ine ndemwe sindikanatha. Sindinathe mpaka ndinabwerako.

Transipota atabwerera anatifotokozera, uku akugwa nako kuseka. Akuti chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja, amayi ena akuti, "Ha, Joni yake ndi imeneyi?" Wapampando, mayi amenenso ankalera ana amasiye, anafunsa mafunso ake: amatumiza chiyani, kangati, nanga mwaona ndi maso anu? Anakambirana okhaokha. Mbuzi zoyamba zinali zitagawidwa kale ndipo sanalande ya munthu. Koma anagwirizana kuti zikayamba kuswa, mlongo uja akhale m'gulu loyamba kulandira ana.

Zinaterodi. Mvula isanagwe, mayi wina wa tsidya la dambo anabwera akukoka kambuzi kakakazi pachingwe, n'kukamangirira pakhomo pa mlongo wa mnzangayo. Mayiyo sanali mbale wawo. Kambuziko kanakula, kanaswa, mwana woyamba anapita kwa wina monga mwa pangano, otsatirawo n'kukhala ake. Manyowa ankathira kudimba. Mwana wamkulu wa mlongoyo atadwala, anagulitsa tonde mmodzi n'kupita naye kuchipatala osadikira kuti ku Joni kuimbidwe foni.

Koma mnzangayo chithunzi chija chinamupweteketsa ndithu. Banja la mtsikana yemwe ankamufunsira linayamba kuzengereza mpaka nkhani inazilala. Anzake a kumudzi kwawo akakumana naye Lachisanu pochokera ku mzikiti ku Laudium ankamukuwa kuti "bwana wa pulayimasi," ena n'kumukalipira kuti waulula za tonse. Iye ankangomwetulira.

Tsiku lina madzulo kunabwera bambo wina wa mudzi woyandikana ndi wa mnzangayo, wa ntchito yabwino ya ulonda, wokhala m'chipinda cha siling'i ndi wailesi yakanema. Anakhala pa ndowa, anapereka moni wautali, kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene, mbuzi zija zafikanso kwathu. Mungandibwerekeko chipinda chanuchi ndi dasikotiyo? Kanthawi kochepa chabe, wojambula ali panjapa."

Mnzangayo anamuthirira tiyi, n'kumusunthira shuga.

"Imwani tiyi, bambo. Mukatha mukajambulitse kwanu."