Makala, Galu wa Malemu Bambo

Bambo atamwalira, kapitawo wa pa esiteti ya ku Chisepo sanachedwe kutiuza kuti nyumba ikufunika kwa tenanti wina. Ndi mmene zimakhalira kwa olima fodya wa eni: wolima akapita, banja limange katundu. Amayi anaganiza zobwerera kwawo ku Phalombe, ine ndinati ndikayese mwayi ku Lilongwe. Nkhani inatsala pa Makala, galu wakuda wa bambo. M'basi ya ku Phalombe sakanamulola, ndipo kumusiya pa Chisepo mtima unakana. Ndinakwera naye lole yonyamula mabelo a fodya, iye atagona pamiyendo panga.

Abale inu, kufuna nyumba m'tauni uli ndi galu ndi chintchito! Ntchito yotsuka mbale mu lesitilanti ndinaipeza msanga, koma pogona ayi. Mnzanga wina anandisunga, Makala ali pachingwe kuseri kwa bafa, mpaka alandilodi ake anadandaula. Nyumba zolola galu zinalipo, za mipanda ndi mageti, koma lendi yake inkaposa malipiro anga. Zotchipa zinali za mdadada, ndipo konseko yankho linali limodzi: "Inu bwerani, koma chigalucho ayi." Wina anandilangiza kuti ndikamutaye kumsika. Ndinalira, sindibisa.

Ku Mtandire ndinapeza Mayi Nankhoma, ogulitsa tomato, akuthwa pakamwa, a zipinda zitatu za lendi ndi nkhuku zodzaza bwalo. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anawerama n'kusuzumira m'makutu mwa Makala ngati muli nkhupakupa, n'kumusisita m'nthiti.

"Uyu ndi wokhuta, wowonda ndiwe," anatero. "Nanga anapiye anga?"

"Wakulira pakati pa nkhuku, mayi."

"Onse amatero. Mumasule tione."

Anavundukula dengu limene anavindikira nalo anapiye. Tianapiye tinamwazika, kena mpaka kukwera pamwendo wa Makala. Makala anangoyasamula n'kugoneka mutu pansi.

"Ha! Ulemu wake waposa wa ana anga. Tenga chipinda chakumapetocho. Magetsi mulibe, n'chifukwa chake n'chotchipa. Koma katemera wa chiwewe akabwera, ukhale woyamba pamzere."

Mayi aja ndimawagomera mpaka lero. Nkhuku ikasowa kwa oyandikana nawo, anthu n'kuloza Makala, iwo ankaima pakhomo manja ali m'chiuno: "Bweretsani nthengazo tizione!" Ndikakhala kuntchito ankamupatsa madzi. Poweruka ndinkabwera ndi mafupa m'jumbo n'kukhala naye pakhonde, pakuti wina wocheza naye ndinalibe. Ndikaimbira amayi ku Phalombe kuti ndatumiza kangachepe, funso lawo loyamba linali loti, "Makala wadya?"

Patapita zaka Mayi Nankhoma anadwala, ana awo n'kuwatenga, malowo n'kugulitsa. Wogulayo ankafuna kumangapo mashopu. Ndinayambanso kuzungulira, tsopano ndi galu wokalamba wa imvi kukamwa, ndipo palibe anandilola. Ntchito sindikanaisiya. Ndinapempha tchuthi n'kubwerera naye ku Chisepo, osadziwa kuti ndikamusiya kwa yani, chifukwa mbale kumeneko tinalibe.

Pa esiteti zigafa zina zoumitsira fodya zinali zitagwa, ndipo matenanti onse anali achilendo. Koma Makala anandisiya m'mbuyo, n'kulunjika kunyumba yathu yakale, n'kugona pakhomo. Munatuluka mayi wobereka mwana, amene sindinamuonepo chibadwire. Ndinagwada n'kuyamba kupepesa monga ndinazolowerera m'tauni, n'kufotokoza za bambo, za nyumbayo, ndi za vuto langa.

"Mukupepesa chiyani, achemwali?" anatero mayiyo. "Ife tachoka ku Mulanje chaka chatha, nafenso ndife obwera. Uyu anatiyambira pakhomo pano, ndimuthamangitse bwanji? Msiyeni."

"Ndizitumiza ya chakudya chake."

"Aaa, galu n'kulipira lendi? Chimene tidye ife, adya chomwecho."

Zaka zonsezi ndinkati pa esiteti si kwathu chifukwa tinalibepo ngakhale njerwa imodzi. Tsiku limenelo ndinaona kuti anthu amene amadziwa kumanga katundu mwadzidzidzi safulumira kuthamangitsa mnzawo, ndipo ndinanyadira kuti ndinabadwira pakati pawo.

Ponyamuka ndinaima panjira n'kumuitana Makala kamodzi. Anagwedeza mchira, koma sanadzuke.