Pasiwedi ya pa epuloni ya Mayi Remigia

Mayi Remigia amagulitsa matamale, timitanda ta ufa wa chimanga tophika m'masamba, ndi phala lotsekemera la chimanga pafupi ndi siteji ya basi kwathu ku Momostenango. Ine ndimasoka m'chipinda choyang'anana ndi lesitilanti yawo, ndipo ndimaona zambiri kuposa zimene ndimalankhula.

Mayiwa amakonda macheza kuposa malonda. Kasitomala akakhala chete amamufunsa ngati akudwala. N'chifukwa chake mwana wawo Wilmer atawaikira Wi-Fi kuti anthu achuluke, zinthu zinawaipira. Pasiwedi anailemba pakhoma, ndipo posakhalitsa tauni yonse inali nayo. Anthu ankangokhala pakhonde panja, mitu ili m'mafoni, osalowa, osapereka n'moni womwe. M'katimo mipando inali yokhayokha.

"Ndatsegula lesitilanti kapena manda?" anandifunsa tsiku lina.

Wilmer anasintha pasiwedi n'kuika yaitali yosatheka kuloweza. Anawasindikizira papepala kachizindikiro ka timabokosi takuda ndi toyera. Munthu akakalozetsa kamera ya foni, foniyo imalowa yokha pa intaneti.

"Mukamate pakhoma, amayi," anatero.

"Kuti azicheza ndi khoma? Iwe, pita uko."

Mayiwo anabwera kwa ine kudzapempha ulusi wakuda. Anapeta timabokosi tonse pa epuloni yoyera, kamodzikamodzi, ine ndikuwawerengera mizere. Wofuna intaneti azibwera kudzaima pamaso pawo.

Woyamba kuyesa anali Bambo Casimiro, dalaivala wa basi ya ku Xela, munthu wa pakamwa posatseka. Anthu a pakhonde anadzaza pakhomo kudzaonerera. Mayi Remigia anaima njo, manja m'chiuno. Foni inakana.

"Mayi, chikwangwani chanuchi chili paphiri," anatero a Casimiro. "Mwadya matamale angati lero?"

"Ocheperapo kuposa inu, achimwene. Gwirani bwino foniyo, manja akunjenjemera ngati basi yanu."

Anthu anaseka, mayiwonso anaseka, mimba n'kumagwedezeka, timabokosi tonse tikuvina. Foni inakananso. Ndinaona nkhope yawo ikugwa pang'ono. Zikakanika, pepala lija limatidwa pakhoma ndipo anthu abwerera pakhonde.

Sindikonda kulankhula pagulu, koma ndinayandikira n'kukoka epuloniyo m'mbali kuti iwongoke. "Gwirani mpweya," ndinawanong'oneza.

Anagwira. Masaya anatupa, maso anatuluka. A Casimiro anayamba kulira ngati nkhukundembo kuti awaseketse, koma mayiwo analimba. Foni inalira kamodzi.

"Yalowa!" anakuwa a Casimiro.

Mayiwo anatulutsa mpweya wonse n'kuwamenya a Casimiro ndi kansalu kopukutira mbale. Pamenepo mzere unali utafika kale pamsewu, ndipo aliyense pofika kutsogolo ankafunsidwa kaye za amayi ake, za ana, za chimene waondera. Ambiri ankakhala pansi kudikira kuti mayiwo asiye kuseka, ndipo podikirapo ankaitanitsa phala.

Masiku ano Wilmer akasintha pasiwedi, mayiwo amapeta epuloni yatsopano. Yakale amaipereka kwa mchemwali wawo wogulitsa nkhuku kumsika, amene amadandaula kuti anyamata amangomuloza ndi mafoni popanda chotuluka.

Masana ndimakadya kumeneko. Phokoso lake ndi lalikulu moti nanenso ndimayankhapo, ndipo palibe amene amadabwa.